Musanamate khoma la nyumba yakale, pezani kaye kumene madzi akuchokera

Munthu akalowa m'nyumba yakale, maso ake amayamba kuona makoma. Penti wafufuma n'kuyamba kusendeka, pulasitala akugwa cha m'munsi, pangodya pada bii, ndipo pamwamba pa zenera pali mng'alu wopita chopendekera. Ganizo limene limabwera msanga ndi logula matumba a simenti, kuitana mmisiri kuti amate paliponse, kenako n'kupaka penti wonyezimira. Kwa miyezi ingapo nyumba imaonekadi bwino. Koma mvula ikangogwa nyengo imodzi kapena ziwiri, zonse zija zimabwerera, ndipo kawirikawiri zimabwerera zitakula, chifukwa tsopano njerwa zenizenizo zayamba kufumbutuka kuseri kwa simenti.

Anthu ambiri akaona zimenezi amati mmisiri anaba simenti. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma pa nyumba zakale vuto limene limachuluka ndi losiyana ndi limenelo: simenti anachuluka, ndipo anaikidwa pa khoma limene silinamangidwe kuti lizikhala ndi simenti.

Simenti amene timamudziwa lero si wakale kwenikweni. Joseph Aspdin, womanga nyumba wa ku Leeds m'dziko la England, analembetsa simenti wa Portland m'chaka cha 1824, ndipo panapita zaka zambirimbiri kuti simentiyu afike pa nyumba za anthu wamba. Pafupifupi nyumba zonse zimene zinamangidwa nthawiyo isanafike, komanso zambiri zimene zinamangidwa pambuyo pake, njerwa kapena miyala yake inalumikizidwa ndi laimu wosakaniza ndi mchenga, apo ayi ndi dothi lenileni. Laimu amapangidwa powotcha miyala ya laimu pa moto wa madigiri pafupifupi 900, kenako n'kuthira madzi. Akamupaka pakhoma amauma pang'onopang'ono, akukoka mpweya wa carbon dioxide mumlengalenga mpaka kubwerera kukhala ngati mwala umene anachokerako. Simenti salimba choncho. Iye amalimba chifukwa cha madzi amene amusakaniza nawo, amagwira m'maola ochepa, ndipo pofika masiku 28 amakhala atapeza mphamvu zake zambiri.

Kusiyana kumeneku ndiko mutu wa nkhani yonse. Khoma lakale limakhala lochindikala, lopanda mpata pakati, ndipo omanga ake ankadziwa kuti lizinyowa. Sanalimange kuti likanize madzi, analimanga kuti madzi akalowa azitulukanso. Lili ngati mtsuko wadothi umene umanyowa kunja mphepo n'kumauumitsa. Mvula ikamenya, njerwa ndi laimu zimamwa madzi pang'ono, dzuwa likawala madziwo amatuluka, makamaka kudzera m'mizere ya pakati pa njerwa, popeza laimu ndi wofewa kuposa njerwa. Mizere imeneyi ndi imene imatha pakapita zaka, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa kubwezeretsa mzere n'kosavuta poyerekeza ndi kusintha njerwa. Komanso khoma lotere likasuntha pang'ono chifukwa cha kutentha, kuzizira kapena nthaka, laimu amalolera osang'ambika kwambiri.

Nyumba zamakono zimatsata nzeru ina, yotsekereza madzi kunja: pulasitiki pansi pa simenti ya pansi, chotchinga chinyezi pamwamba pa maziko, ndipo m'mayiko ena makoma awiri okhala ndi mpata pakati. Nzeru zonse ziwirizi zimagwira ntchito. Chimene chimawononga nyumba ndi kuzisakaniza. Mukamata simenti wolimba pa khoma lofewa, khomalo limapitirizabe kusuntha monga mwa masiku onse, simenti uja satha kulolera, ndiye amachita timing'alu tating'ono ngati tsitsi. Mvula imalowera m'timing'alu timeneti, koma potulukira palibe. Madzi amadzaza kuseri, amayenderera kulowa mkati mwa nyumba, ndipo mwininyumba amadabwa kuti chinyezi chachuluka kuposa mmene chinalili asanakonze.

Pa khoma la zidina kapena lomangidwa ndi dothi lotsindira, zoterezi zimafika poika moyo pa ngozi. Simenti sagwirana bwino ndi dothi, amangokhala ngati chikhungwa chopachikidwa. Madzi akalowa kuseri, m'munsi mwa khoma mumasanduka matope pamene kunja kukuoneka kosalala, ndipo khoma likhoza kugwa anthu asanaone chizindikiro chilichonse. Dothi palokha si lofooka. Mzikiti waukulu wa ku Djenné m'dziko la Mali, umene unamangidwa m'chaka cha 1907, ndi wadothi ndipo udakalipo, chifukwa chaka ndi chaka umamatidwanso ndi dothi lofanana ndi limene unamangira.

Kumene madzi amachokera

Kumata khoma lonyowa musanadziwe chimene chikulinyowetsa n'kutaya ndalama. Chabwino n'chakuti madzi amasiya zizindikiro, ndipo munthu woleza mtima akhoza kuziwerenga yekha. Nthawi yabwino yozungulira nyumba ndi pamene mvula ikugwa, osati itakata.

Banga limene layambira pamwamba n'kumatsika limaloza kudenga: malata obooka, msomali wothothoka, paipi yotsitsa madzi a padenga yothyoka kapena yodzaza masamba, kapena denga lalifupi limene silitchinga khoma mokwanira. Banga la pansi pa zenera kawirikawiri limachokera pa tsinde la zeneralo, pamene madzi amatsetserekera pakhoma m'malo modontha patali. Banga limene silisintha kaya ndi dzinja kaya ndi chilimwe, makamaka kuseri kwa bafa kapena khitchini, ndi paipi yodontha mkati mwa khoma.

Chinyezi cha m'munsi ndi chimene chimasokoneza anthu kwambiri, ndipo pano ndi pamene ndalama zambiri zimatayika. N'zoona kuti khoma limatha kuyamwa madzi kuchokera m'nthaka, ndipo chinyezi chotere chimasiya mzere wokhotakhota, kawirikawiri osapitirira mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono kuchokera pansi. Koma musanavomere kuti vuto lili pa maziko, tulukani panja mukaone msinkhu wa nthaka. Pa zaka makumi angapo dothi lozungulira nyumba limakwera. Wina anathira dothi kuti adzale maluwa, wina anawaka khonde la simenti pamwamba pa lakale, msewu nawo unakwezedwa. Mapeto ake nthaka ya kunja imafika pofanana ndi pansi pa m'nyumba, mwinanso kupitirira. Omanga amafuna kuti chotchinga chinyezi chikhale mamilimita 150 pamwamba pa nthaka, kuti madontho a mvula akamadumpha asafike pamwamba pake. Dothi likakwirira mzere umenewo, chotchingacho chimakhala chilipo koma sichikugwira ntchito. Kukumba dothi lija, kukonza kuti pansi pazitsetsereka kuchoka pakhoma, ndi kutsegula ngalande, nthawi zambiri kumathetsa vuto limene ena akanaboolera khoma lonse n'kupopera mankhwala.

Palinso china chimene eni nyumba saganizira. Nyumba yakale imene pansi pake panali dothi, njerwa kapena matabwa, chinyezi cha m'nthaka chinkatuluka pang'onopang'ono pabwalo lonse la chipinda. Mukathira konkire ndi pulasitiki kapena mataelosi, chinyezi chija chimasowa kolowera n'kukankhikira m'mbali, m'makoma. N'chifukwa chake makoma ena amayamba kunyowa chaka chotsatira pamene pansi pakonzedwa.

Kenako pali madzi amene anthu okhala m'nyumbamo amapanga okha pophika, posamba, poyanika zovala mkati ngakhalenso popuma. Nthunzi imeneyi ikakhudza khoma lozizira imasanduka timadontho, ndipo nkhungu yakuda imamera m'ngodya ndi kuseri kwa makabati kumene mphepo siyenda. Njira yosavuta yosiyanitsira ndi kumata kachidutswa ka pulasitiki pakhoma, mbali zonse zinayi zitatsekedwa bwino ndi tepi, n'kudikira masiku awiri. Madontho akaoneka kunja kwa pulasitiki, vuto ndi mpweya wa m'chipinda, ndipo mankhwala ake ndi mawindo ndi timabowo tolowetsa mphepo, timene nthawi zambiri wina anatitseka kale. Akaoneka kuseri, madzi akuchokera m'khoma. Timakina toyezera chinyezi timene amakhudzitsa pakhoma musatikhulupirire kwambiri. Timeneti timayeza mmene magetsi akudutsira, tinapangidwira matabwa, ndipo pa khoma lamchere timaonetsa chinyezi chambiri ngakhale khoma litauma.

Mchere umenewu ndi woyenera kuumvetsa bwino, chifukwa ndi umene umadya njerwa. Madzi a m'nthaka amabwera ndi mchere wosungunuka. Madzi akauma mchere umatsala. Ukatsalira pamwamba umangooneka ngati ufa woyera, ndipo suvulaza kwenikweni. Koma penti kapena simenti akatchinga, mchere umaumira mkati mwa timabowo ta njerwa, timiyala take timakula n'kukankha mpaka nkhope ya njerwa kusweka. Mitundu ina ya mchere imakokanso chinyezi mumpweya, kotero kuti pulasitala wakale amene wamwa mchere wambiri amaoneka wonyowa nyengo ya chinyezi ngakhale gwero la madzi litatsekedwa kale. Pulasitala wotere ndi wofunika kumuchotsa.

Mukatseka gwero la madzi, ntchito yotsatira ndi kudikira, ndipo apa ndi pamene ambiri amalephera. Amisiri odziwa makoma akale amawerengera mwezi umodzi pa mamilimita 25 aliwonse a kuchindikala kwa khoma. Khoma la mamilimita 230 limene linanyowa kotheratu lingafune miyezi pafupifupi 9 kuti liume. Palibe penti amene angafupikitse nthawi imeneyi.

Ming'alu

Si mng'alu uliwonse umene ndi woopsa. Funso lofunika kuposa kukula kwake ndi lakuti, kodi ukukulabe kapena unaima kalekale? Nyumba zambiri zinakhazikika zaka zoyambirira zitangomangidwa, zinang'ambika pang'ono, n'kukhala choncho mpaka lero. Kuti mudziwe, lembani ndi pensulo pamene mng'alu wathera, yezani kutambalala kwake pamalo awiri kapena atatu, lembani tsiku, ndipo muzibwerako mwezi ndi mwezi mpaka mutadutsa nyengo yamvula ndi yadzuwa. Pa dothi la makande mng'alu umatha kutseguka m'chilimwe n'kutsekeka m'dzinja, chifukwa dothilo limafufuma likanyowa n'kufota likauma.

Bungwe la Building Research Establishment la ku United Kingdom linagawa ming'alu m'magulu potengera kukula kwake. Yosapitirira mamilimita 5 imaonedwa ngati yongoipitsa maonekedwe. Ya pakati pa 5 ndi 25 imayamba kusokoneza zitseko, mawindo ndi mapaipi, ndipo ikamayandikira 25 pamafunika kugumula ndi kumanganso mbali zina. Yopitirira 25 imasonyeza kuti nyumba ikhoza kugwa. Maonekedwe nawo amanena zambiri. Mng'alu wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wotambalala kumwamba, wooneka mkati ndi kunja komwe, umaloza kumaziko, ndipo chochititsa chake chimakhala mizu ya mtengo waukulu imene ikumwa madzi m'nthaka kapena paipi ya zonyansa yosweka imene ikufewetsa dothi. Mng'alu wa pamwamba pa khomo umaloza ku mtanda umene wanyamula njerwa pamenepo, mwina ndi wathabwa ndipo wawola kapena chiswe chaudya, mwina ndi wachitsulo ndipo dzimbiri laufufumitsa. Khoma lopendekera kunja cha kumwamba limasonyeza kuti denga likulikankha.

Zonsezi si za pulasitala. Kuthira simenti mu mng'alu umene ukuyendabe kumangochititsa kuti wina utseguke pambali pake. Pamenepa pamafunika injiniya wa zomangamanga, monganso pamene mukufuna kugumula khoma la mkati kuti chipinda chikule. Khoma lopyapyala la m'nyumba yakale likhoza kukhala kuti lanyamula denga kapena likugwira makoma a kunja kuti asatayane. Ngakhale kudula mtengo waukulu woyandikana ndi nyumba kumafuna uphungu, chifukwa pa makande nthaka imafufuma mtengo ukachoka n'kukankha maziko m'mwamba.

Musanayambe kupala ndi kugumula, kumbukirani kuti fumbi la nyumba yakale likhoza kudwalitsa. Penti wakale wamafuta, makamaka wa pa zitseko, mawindo ndi m'munsi mwa makoma, ankakhala ndi mtovu. Dziko la United States linaletsa penti wotere m'nyumba m'chaka cha 1978, koma m'mayiko ena anapitirira kugulitsidwa kwa zaka zambiri. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo umawononga kwambiri ubongo wa ana aang'ono. Penti wotere sapalidwa ali wouma ndipo sawotchedwa ndi moto. Amanyowetsedwa, ana ndi amayi oyembekezera atachoka m'nyumbamo. Asibesitosi, mwala wa tiulusi umene unkasakanizidwa m'zipangizo zomangira, naye amapezeka m'masiling'i, m'mabolodi ndi m'zopaka zina zokongoletsa makoma. Dziko la United Kingdom linamuletseratu mu 1999. Akakhala osakhudzidwa savuta kwenikweni, koma akadulidwa kapena kubooledwa, tiulusi take timalowa m'mapapo n'kudzayambitsa matenda patapita zaka makumi angapo. Mukakayikira, musakhudze mpaka ayezedwe. Ndipo zimitsani magetsi musanakhome tchizulo pakhoma, popeza mawaya akale sayenda molunjika nthawi zonse.

Ntchito yeniyeni

Yambani ndi kugogoda khoma lonse ndi chigwiriro cha nyundo. Pulasitala wogwira amalira molimba, wolekana ndi khoma amalira ngati ng'oma. Lembani malo olirawo ndi choko ndipo muchotse okhawo, pamodzi ndi amene adyedwa ndi mchere, kupitirira pang'ono pamwamba pa mzere wa chinyezi. Pulasitala wa laimu amene wakhala zaka 80 ali chigwirire wasonyeza kale kuti akugwirizana ndi khomalo, ndipo palibe chifukwa chomugwetsera kuti zonse zifanane.

Kenako onani chimene khoma linamangira. Palani mzere ndi msomali. Ukamafumbutuka mosavuta, uli wotuwira ndipo muli timibulu toyera, ameneyo ndi laimu. Ukakhala wofiirira n'kumasungunuka mukathira madzi, limenelo ndi dothi. Msomali ukamangoterereka, ndi simenti, ndipo nyumba yotere, ngakhale ili yakale, ikonzedwe ndi simenti wa mphamvu yofanana. Lamulo ndi limodzi kulikonse: chimene mukubwezeretsa chifanane ndi chimene chinalipo, ndipo chisalimbe kuposa njerwa.

Mizere yakutha imakumbidwa ndi manja, kuya kwake kuwirikiza kawiri kutambalala kwa mzerewo. Makina odulira amathamanga, koma amadula milomo ya njerwa n'kukulitsa mizere, ndipo chimenecho sichibwezeka. Fumbi lichotsedwe, khoma linyowetsedwe kuti lisayamwe madzi a matope atsopano, kenako matope akankhidwe mpaka kumapeto kwa mzere, osati kungopaka pamwamba. Muyezo wodziwika wa laimu ndi gawo limodzi la laimu pa magawo atatu a mchenga wokhakhala, wotsukidwa bwino. Mchenga wadothi kapena wamchere umaononga ntchito yonse. Pamene laimu wabwino sapezeka, ena amasakaniza simenti, laimu ndi mchenga pa muyezo wa 1:2:9 kapena 1:1:6. Zimenezi n'zofewerapo kusiyana ndi simenti ndi mchenga zokha, koma pa njerwa zofewa kwambiri ndi pa zidina ine sindingalimbikitse simenti ngakhale pang'ono. Khoma ladothi limatidwe ndi dothi, ndipo pamwamba pake papite laimu. Laimu amawotcha khungu ndipo akhoza kuchititsa khungu m'maso, choncho magolovesi ndi magalasi n'zosachita kufunsa.

Pulasitala amapakidwa kawiri kapena katatu, ulendo uliwonse mamilimita pafupifupi 10, ndipo woyamba amakandidwa kuti wachiwiri apeze pogwira. Wapamwamba asakhale wolimba kuposa wapansi. Kuthira wochindikala ulendo umodzi kuti khoma liwongoke msanga ndi kumene kumabala ming'alu. Akapakidwa asaume mothamanga: dzuwa ndi mphepo zitchingidwe ndi ziguduli zonyowa, ndipo aziwazidwa madzi kwa masiku angapo. Pulasitala wa gypsum, ufa woyera wochokera ku mwala wofewa, ndi wosalala ndipo amakongola, koma sapirira chinyezi, choncho malo ake si pa khoma la kunja la nyumba yakale.

Pa nkhani yowongola khoma ndili ndi maganizo anga. M'chaka cha 1877 William Morris ndi anzake anayambitsa bungwe la Society for the Protection of Ancient Buildings ku England atakhumudwa ndi anthu amene ankapala nyumba zakale mpaka kuzisandutsa zatsopano m'dzina lozikonza. Mfundo yawo inali yakuti nyumba izisamalidwa pang'onopang'ono, pochotsa zochepa zokhazo zimene zawonongeka. Iwo ankanena za matchalitchi ndi nyumba zotchuka, koma ndikuona kuti mfundoyi imathandizanso pa nyumba wamba, ngakhale pa thumba la mwini wake. Khoma lokhota pang'ono koma louma ndi lolimba silikudwala. Kuliunjikira pulasitala wolemera kuti likhale ngati la nyumba yomangidwa dzulo ndi kulisenzetsa katundu amene silinapemphe.

Penti ndiye womaliza, ndipo akhoza kufafaniza ntchito yonse yabwino imene yachitika pansi pake. Penti wamafuta ndi mapenti okhala ngati pulasitiki, amene amalengezedwa kuti salowa madzi, amatsekeranso madzi mkati. Pa khoma la laimu kapena ladothi choyenera ndi laimu wosungunula m'madzi, wopakidwa mopyapyala maulendo angapo pa khoma lonyowetsedwa, kapena penti wina wolola chinyezi kutuluka. Laimu amatha msanga ndipo amafuna kubwereza pakapita zaka zochepa, koma nkhungu simera pa iye mosavuta, ndipo safufuma n'kusendeka.

Ngakhale zonse zitachitika bwino, chaka choyamba ufa woyera ukhoza kuonekanso m'munsi mwa khoma. Umenewo ndi mchere wotsala umene ukutuluka pamene khoma likupitiriza kuuma. Usesedwe ndi burashi youma n'kuutaya kutali, osautsuka ndi madzi, chifukwa madzi amausungunula n'kuubwezera m'khoma. Ukamachepa mwezi ndi mwezi, khoma likuchira. Ukamachuluka mvula iliyonse ikagwa, pali gwero la madzi limene silinapezeke, ndipo pamafunika kuzunguliranso nyumba, kuyambira kudenga.